Kusema Mbale pa Makina Aafupi ku Ndirande

Ukatsika minibasi pamsika wa Ndirande n'kulowa m'tinjira totsetserekera kumtsinje wa Nasolo, khutu limayamba kukuuza ntchito za anthu maso asanaone kanthu. Uku osula zidebe akukhoma malata, uko owotcherera zitsulo akudula mapaipi a mageti, kutsogolo pang'ono makina opalira matabwa akulira osapuma. Shedi imene ndinkafuna ili kuseri kwa mzere wa akalipentala opanga mabedi ndi makabati. Ilibe chikwangwani, koma utuchi wa pakhomo pake ndiwo umaiulula. Kwa akalipentala ena utuchi ndi wosalala, wa sowo. Pano ndi wautali, wopotanapotana, umene umatuluka pokhapokha mtengo ukamasemedwa uku ukuzungulira. Amayi oweta nkhuku amabwera ndi matumba kudzautenga kuti akayale m'makola.

Usanalowe m'shedi umadutsa pa mulu wa zidutswa. Pali mlombwa wofiirira, mbawa, malaina woyera ndi wopepuka, paini wonunkhira utomoni, ndiponso zipika za jakaranda ndi mango zochokera kwa odula mitengo ya m'mipanda ya m'tauni. Palibe chidutswa chotalika kuposa mkono. Eni shediyi, bambo a imvi zapatalipatali amene anyamata awo amangowatchula kuti madala, amagula zimenezi kwa akalipentala oyandikana nawo zisanapite kukakhala nkhuni. Chifukwa chake sichisowa kufunsa. Ukakweza maso kuchokera pabwalopo umaona phiri la Ndirande, limene kale linali nkhalango, lili mbee. Mkungudza wa ku Mulanje, umene unatchedwa mtengo wa fuko mu 1984, watsala pang'ono kutheratu m'phiri lake. Phingo wakhala pansi pa malamulo a CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zikutha, kuyambira mu 2017, ndipo mu 2022, pamsonkhano wa panganoli ku Panama, maiko anagwirizana kuti malonda akunja a mbawa ndi mlombwa za mu Africa aziyenderanso chilolezo. Mtengo waukulu wolimba wasanduka chinthu chosowa komanso chodula. Chotsala m'manja mwa mmisiri wamba ndi tizidutswa, ndipo tizidutswa timafuna makina aang'ono.

M'kati muli makina a lathe awiri, osemera mtengo uku ukuzungulira. Oyamba, amene atsamira khoma la kumanzere, ndi aatali, owotcheredwa konkuno ndi zitsulo za ngodya, mota yakale ndi lamba. Amenewa ndi a miyendo ya matebulo ndi mizati ya mabedi. Achiwiri ali pakati pa shedi, pamwamba pa tebulo lochindikala lomwe pansi pake aunjikapo matumba a mchenga kuti lisagwedezeke. Ndi a kufakitale, ogulidwa kwa munthu wina wochokera ku Joni, ndipo ndi aafupi moti munthu mmodzi wamphamvu atha kuwanyamula. Amenewa ndiwo ndinadzera.

Ukaima pamalo a wosema, makinawa umawawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja. Kumanzere kuli mutu wa makina, mmene muli mota ndi lamba, ndipo ndi kumene mtengo umamangiriridwa kuti uzungulire. Kuchokera pamenepo pamayenda njanji ziwiri zachitsulo. Pa njanjipo pali chotsamirapo tchizulo, chimene chimasuntha uku ndi uku. Kumapeto, kumanja, kuli tailstock: chitsulo cholemera chokhala ndi gudumu lopukusa kumbuyo ndi nsonga kutsogolo. Ukapukusa gudumulo, chitsulo chobooka chotchedwa quill chimatuluka n'kukankhira nsongayo mu mtengo. Tailstock siizunguza kanthu ndipo siisema kanthu. Ntchito yake ndi kugwira mtengo mbali yachiwiri kuti usathawe.

Bambowa anatulutsa tepi kuti ndione vuto ndi maso anga. Tailstock itakankhidwira kumapeto kwenikweni, kuchokera kumutu kufika pansonga yake panali masentimita 40. Kuchokera pakati pozungulira kufika pa njanji panali masentimita 12 ndi theka, kutanthauza kuti mbale yaikulu imene ingazungulire pamenepo ndi ya masentimita 25 m'mimba mwake. Tsono chotsani malo a chuck, chitsulo cha mano anayi chogwira mbale, amene ndi masentimita pafupifupi 8. Chotsaninso kuya kwa mbale yeniyeniyo, masentimita ena 8. Otsala saposa 25. Kenaka anaika patebulo tchizulo chawo chokumbira mbale, cha ngalande pakati, ndipo pamodzi ndi mpini wake chinakwana masentimita oposa 50. Chida chotalika choncho chiyenera kuvina m'malo osakwana theka la kutalika kwake, uku nsonga yakuthwa ikudikira chigongono cha wosema. Nkhani yonse ya makina aafupi yagona pamenepa.

Ntchito ya m'mawa umenewo inali mbale ya mlombwa yoikamo zipatso. Chidutswacho anali atachidula kale makona ndi sowo, ndipo chinali cha masentimita 20 m'mimba mwake. Nkhope imene idzakhale kukamwa kwa mbale anaimangirira ndi masikuluwu pa chitsulo chophwatalala cha kumutu. Ngakhale masikuluwu analimba, anabweretsabe tailstock, ndipo anatsata ndondomeko imene sanaisinthe tsiku lonse. Anaikankha mpaka nsonga itatsala pang'ono kukhudza mtengo. Anamanga chogwirira chapansi kuti tailstock ilume njanji. Anapukusa gudumu mpaka nsonga italowa. Pomaliza anamanga kachogwirira kapamwamba kotseka quill. Akatero amazunguza mtengo ndi dzanja kaye kuti aone ngati sukugunda chotsamirapo, amasunthira lamba pa liwiro lotsika, amatsitsa chotchingira nkhope, n'kuima pambali asanayatse.

Pa za liwiro, osema a maiko ambiri amagwiritsa ntchito kawerengedwe kophweka: kukula kwa mbale mu mainchesi, kuchulukitsa ndi maulendo amene ikuzungulira pa mphindi, yankho likhale pakati pa 6,000 ndi 9,000. Mbale ya mainchesi 8 ngati iyi ndiye kuti izungulire pakati pa 750 ndi 1,125 pa mphindi, ndipo chidutswa chikadali chamakona chiyambire pansi pa pamenepo. Ikamazungulira maulendo 1,000 pa mphindi, m'mphepete mwake mumakhala mukuthamanga pafupifupi makilomita 38 pa ola. Bambowa sanalongosole zambiri. Anangoloza lata la khoma la kutsogolo kwa makina, pamene pali chibonthobontho chachikulu ngati chikhatho, utoto utasupuka. Inali mbale ya mnyamata wina amene anachotsa tailstock msanga chifukwa inkamutchinga. "Mutu umodzi susenza denga," anatero. "Kumutuku kukagwira kokha, tsiku lina kudzataya."

Kusema kunja kwa mbale kunayenda mwachangu. Tchizulo chinkachokera kuphazi, kufupi ndi tailstock, kukwera kupita kukamwa, motsatira mmene ulusi wa mtengo wagonera, ndipo utuchi unkauluka n'kugwera paphewa pawo. Pamene panavuta ndi paphazi penipeni. Pamenepo pamafunika kusema kampando kozungulira koti mano a chuck adzalume, ndipo kampandoko kali pakhosi pa nsonga ya tailstock. Nsonga ya makina a kufakitale ili ndi mabering'i m'kati kuti izizungulira limodzi ndi mtengo, choncho thupi lake ndi lonenepa ndipo limatseka njira ya tchizulo.

Apa ndinaona njira zitatu zikugwira ntchito nthawi imodzi. Yoyamba, anatulutsa quill pang'ono, ngati masentimita atatu, kuti thupi la tailstock libwerere m'mbuyo n'kusiya mpata. Sanaitulutse yonse, chifukwa quill ikatalika imanjenjemera ndipo kunjenjemerako kumalembeka pa mtengo. Yachiwiri, anasintha nsonga yonenepa ija n'kuikapo ina ya mphuno yaitali ndi yowonda. Yachitatu, anasiya tchizulo chachitali n'kutenga chachifupi, chotsamirapo atachipendeketsa kuti chiyandikire phazi. Kampandoko kanatuluka kosalala, ka phewa lowongoka, ndipo kanali kafupi moti sikakanafika pansi pa mano a chuck. Mano ayenera kutsamira paphewa, osati kampando kukhala pansi pa chuck.

Kusintha nsonga kunatenga kamphindi chabe, ndipo chifukwa chake ndi chakale ndithu. Bowo la quill silowongoka. Limapita lichepa pang'onopang'ono, ndipo mchira wa nsonga unasulidwa mofanana nalo, moti zimagwirana zokha popanda bawuti. Muyeso umenewu anauyambitsa Stephen Morse wa ku New Bedford, ku America, m'chaka cha 1864, ndipo makina aang'ono ambiri mpaka lero amagwiritsa ntchito Morse nambala 2. N'chifukwa chake nsonga yogulidwa ku Johannesburg imalowa bwinobwino pa makina opangidwa ku China. Ukabweza quill mpaka kumapeto, nsonga imadzikankha yokha n'kutuluka. Chofunika ndi ukhondo basi. Kautuchi kamodzi m'bowomo kamapotoza nsonga, ndipo bambowa amapukuta ndi kansalu nthawi iliyonse asanalowetse kanthu.

Atatembenuza mbale n'kuimanga mu chuck, ndinayembekeza kuti tsopano tailstock ichoka, poti kukumba m'kati kumafuna njira yotseguka. Sanaichotse. Anaibweretsanso, nsonga inaluma pakati pa nkhope ya mbale, ndipo anayamba kukumba mozungulira, kusiya kamzati pakati. Ankakumba mosanjikiza: kutsiriza khoma la kumtunda, masentimita awiri oyamba, kulifikitsa pa kuchindikala kofunika, kenaka kutsikira m'munsi. Sankabwereranso kukamwa, popeza mtengo ukachotsedwa m'kati khoma limayamba kupindika pang'ono, ndipo tchizulo chikabwererako chimakodwa. Nthawi yoopsa kwambiri ndi imeneyi, pamene tchizulo chili kutali ndi pakati ndipo mphamvu yonse ikukoka kampando kaja. Ndi nthawi yomweyinso imene tailstock imatchinga kwambiri.

Kuti muone kutchingako muyenera kutsatira mpini, osati nsonga ya tchizulo. Poyamba kudula pakamwa pa mbale, mpini umakhala tsidya lina la njanji, kutali ndi wosema. Tchizulo chikamatsika m'khoma kupita pansi pa mbale, mpini umabwera mozungulira kudza kumimba kwa wosema. Njira ya mpiniyo imadutsa pamalo enieni pamene pakhala tailstock. Bambowa anakumba mpaka pamene mpini unayamba kugunda, ndiye anazimitsa makina. Kamzati kanali katawonda ngati chala chachikulu, ndipo mbale inali itapepuka kwambiri. Apa m'pamene anaitana mnyamata wawo.

"Iwe, tabwera udzachotse ichi."

Mnyamatayo anafika n'kugwira tailstock ndi manja awiri kuti aikoke.

"Wayamba ndi chiyani?"

"Pepani madala, nsonga kaye."

Anabweza quill, nsonga inagwera m'dzanja lake, n'kuiika pa kabowo kake pakhoma. Lamulo limeneli m'shedi muno silikambirana. Ngakhale tailstock ingokankhidwira kumapeto osachotsedwa, nsonga imayamba yachoka, chifukwa wosema maso ake ali m'mbale ndipo chigongono chimabwerera m'mbuyo chosaona.

Kumene tailstock inapita ndi chinthu chimene ndinachikonda kuposa zonse m'shedimo. Kumapeto kwa makina bambowa anakhomera kashelefu ka matabwa awiri a mlombwa, otalikirana mofanana ndi njanji ndiponso okwera mofanana nazo. Kabawuti kotchinga kumapeto kwa njanji anakachotsa, n'kukhoma kathabwa kotchinga kumapeto kwa shelefu. Tailstock sinyamulidwa. Imangotsetsereka kuchoka pachitsulo kupita pathabwa, ndipo shelefuyo ili pa mahinjesi a chitseko, moti imatembenukira kumbuyo n'kusiya mapeto a makina ali poyera. Makampani ena akunja amagulitsa chipangizo chochita zomwezi pa makina awo akuluakulu, ndipo ena amagulitsa njanji zowonjezera zomangira ndi mabawuti. Apa zinatheka ndi zidutswa ziwiri ndi mahinjesi. Phindu lake si la msana wokha. Chinthu chovuta kubwezera munthu amachita nacho ulesi, ndipo tailstock yoikidwa pansi pa tebulo imatha tsiku lonse ili pomwepo. Iyi imabwerera ndi dzanja limodzi, choncho imabwereradi.

Njira itatseguka, ubwino wa makina aafupi unaonekera. Bambowa anachoka kutsogolo n'kukaima kumapeto kwa njanji, maso ali m'mbale mwachindunji, msana uli chilili. Pa makina aatali aja munthu amachita kuwerama n'kugonera njanji kuti aone m'kati. Kamzati anakadya pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, osati kukathyola, chifukwa kukathyola kumazula ulusi wa pansi pa mbale n'kusiya bowo losatheka kulikonza. Pomaliza anatenga tchizulo china chonoledwa mobuntha kuti chidutse bwino pamene khoma limakumana ndi pansi. Kudula komaliza kunali kopepuka, utuchi wake wopyapyala moti unkayandama mumpweya.

Tailstock inabweranso kachitatu pomaliza phazi. Kampando ka chuck sikayenera kutsala pa mbale yogulitsa. Bambowa anamanga chipika chozungulira mu chuck, anayalapo kachidutswa ka chubu cha galimoto, anavundikira mbale pamenepo, n'kubweretsa nsonga pa kabowo komwe kaja kanatsala paphazi poyamba. Kabowoko amakasunga dala, chifukwa ndiko kamabwezera mbale pakati penipeni. Apa mbale imagwiridwa ndi kukankha kwa tailstock kokha, ndiye liwiro limatsika ndipo tchizulo chimadya pang'onopang'ono, molunjika kumutu. Anasema mpaka kutsala kachitsa kochepa pansi pa nsonga, anazimitsa makina, n'kukadula ndi tchizulo chapamanja. Asanayambe zonsezi anachita kanthu kena kofunika: atabwezera tailstock pa njanji anapukuta pansi pake, anaika nsonga kumutu ndi ina ku tailstock, n'kuziyandikizitsa kuti aone ngati zikupsompsonana. Zikaphonyana, ndiye kuti pansi pali utuchi kapena tailstock yakhala mopendekeka.

Pakona ya kumanja pali bokosi la zoikapo makandulo ndi timiphika ta maluwa. Izi zimafuna kuboola, ndipo pobowola tailstock imasanduka dirilo. Nsonga imachoka, m'malo mwake mumalowa chogwirira dirilo, chimene pamodzi ndi dirilo yake chimadya malo ena ambiri pa masentimita 40 aja. Quill ya makinawa imayenda masentimita asanu okha, choncho bowo lakuya limabooledwa mwa magawo: kupukusa mpaka quill ithe, kubweza, kuzimitsa, kusendeza tailstock yonse kutsogolo, kuyambanso. Mnyamata uja ndiye ankaboola, pa liwiro lotsika, akutulutsa dirilo pafupipafupi kuti utuchi usatsekere n'kupsereza. Pobweza, dzanja lake lamanzere linkagwira chogwirira dirilo. Muyeso wa Morse umalimba ukamakankhidwa, koma ukamakokedwa umatha kumasuka, ndipo dirilo ikakanirira mu mtengo imazuka n'kuyamba kuzungulira nawo.

Pa makina aatali a kukhoma, mnyamata wina ankasema miyendo ya mpando. Tailstock ya pamenepo ndi bawuti yaikulu yosongoledwa, yopanda mabering'i, ndipo siizungulira. Mtengo umakhuzana nayo, ndiye amapakapo kandulo kuti pasapse, n'kumamangitsa pang'ono nthawi ndi nthawi chifukwa bowo limakula. Bambowa anamuchenjeza kuti asamange mopitirira. Kukankha kwambiri kumapinda mwendo wowonda, kumang'amba mtengo, ndipo kumatha mabering'i a kumutu. Pakhoma pamwamba pake papachikidwa zida zonse, zina za mipini yaitali, zina zodulidwa dala mipini chifukwa cha makina aafupi aja. Palibe tchizulo chosulidwa kuchokera ku fayilo yakale. Chitsulo cha fayilo ndi cholimba koma chosachedwa kuthyoka, ndipo chikakodwa mu mtengo wothamanga chimaphulika.

Kukhomo lotulukira kuli shelefu ya zomalizidwa: mbale zazikulu ndi zazing'ono, mabakuli a zivundikiro, timitondo tosinjira adyo ndi tsabola, zogwirira za makabati, zidole za tchesi. Zina zimapita kwa ogulitsa ziboliboli m'tauni, zina kwa akalipentala omwe aja anagulitsa zidutswa. Magetsi akathima ntchito siima. Ndiyo nthawi yodula tizitsa, kukwecha ndi sandipepa, kupaka mafuta ndi kusankha zidutswa za mawa. Fumbi la mitengo yolimba limalowa m'chifuwa, ndipo pokwecha aliyense m'shedimo amavala chotseka pamphuno.

Chimene ndinaona pa mbale imodzi ija n'chakuti tailstock inagwira mtengo pa magawo atatu a ntchito, ndipo inachoka pa gawo limodzi lokha, lalifupi, mbale itapepuka kale. Kufupika kwa makina sikunathetsedwe ndi kutaya chitsulo chotchinga, koma ndi kusanja ntchito: chiyambe n'chiyani, chida chiti chilowe pati, nsonga ichoke liti. Achinyamata ambiri amene akuphunzira ukalipentala, kaya m'makoleji a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi TEVETA kaya pansi pa mmisiri wa m'dera, makina oyamba amene adzakwanitse kugula adzakhala aafupi ngati amenewa, ndipo mitengo imene adzapeze idzakhala tizidutswa. Aphunzitsi awaphunzitse ndondomekoyi kuyambira tsiku loyamba. Ndipo inu amene muli kale ndi makina otere, khomani shelefu kumapeto kwa njanji sabata ino, chotsani nsonga nthawi iliyonse tailstock ikapuma, ndipo musaichotse pa mtengo mpaka mpini wa tchizulo utakanadi kudutsa.